Pamsewu Palibe Mpongozi

Bwerani kuno pamthunzi, ana inu, zikwamazo azakhali anu alowetsa. Mwangotsika kumene m'galimoto, fumbi silinakugwireni n'komwe, koma madandaulo ali tho. Iwe Tiwonge ukuti msana ukuwawa. Msana wa zaka khumi ndi zisanu umadziwa kuwawa? Mwanyamuka ku Lilongwe mbandakucha wa lero lomweli, mwafika pa Mwenilondo nkhuku zisanalowe m'khola, ndiye mukuti msewu ndi wautali, ndi wa maenje. Chabwino, tandiuzani, potsika phiri la Chiweta mwaona chiyani? Ndikudziwa, simunaone kanthu. Wina anagona, wina maso anali pafoni, Lusubilo zingwe zomvera nyimbo zili m'makutu. Mwadutsa theka la dziko ngati matumba a chimanga.

Chaka chilichonse mumandifunsa chifukwa chimene ndimakhalira pansi pa mango uyu, m'mphepete mwa msewu, pomwe kunyumba kuli khonde labwinobwino. Bambo anu amati tsiku lina thanki ya mafuta yochokera ku Tanzania idzanditenga pamodzi ndi mpando wanga. Asiyeni azinena. Lero ndikuuzani, poti tsopano mwakula, mutha kumva nkhani n'kuisunga.

Ine kwathu ndi ku Dedza, kufupi ndi Linthipe, kumene chisanu chimalowa mpaka m'mano. Malemu agogo anu aamuna anabwera kwathuko ngati mlangizi wa zaulimi, mnyamata wamtali, wa makutu otambalala, wolankhula Chichewa chokhotakhota. Usaseke Lusubilo, makutu omwewo ndi amene wasenzawo. Tinakondana, tinakwatirana mwa mwambo wa kwathu, mnzawo wa kuntchito ndiye anaima ngati nkhoswe. Bambo anu anabadwa, tinawatcha Chikondi. Ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, agogo anu anawasamutsira kuno kwawo, ku sikimu ya mpunga ya ku Wovwe. Anatsogola okha kuti akakonze kaye zinthu, chifukwa bambo awo, apongozi anga, anali atakana ukwati wathu.

Dzina la apongozi angawo musandifunse. Ndi lomwe lalembedwa pa makope anu a kusukulu, koma ine ndimangoliwerenga ndi maso. Papita zaka zambiri chimwalilireni, lilime langa silinalitchulepo, ndipo silidzalitchula.

Chifukwa chokanira chinali chimodzi. Iwo ankati akazi a kumwera amatenga ana: ubereka, ulera, mawa malume wake wabwera, mwana wapita. Ndipo sankanama kwenikweni, pakuti kwathu mwana ndi wa kuchikazi, pomwe kuno kwa Ankhonde mwana ndi wa bambo wake. Miyambo iwiri inali itagundana pamutu pa khanda limene silinkadziwa kanthu koma kuyamwa.

Mvula ikupita kumapeto, kalata inafika. Agogo anu analemba kuti: "Nyamuka Lolemba. Bambo sanavomere, koma sananenenso kuti usabwere." M'munsi mwake munali malamulo, mndandanda ngati wa kuchipatala. Kuno mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, saona nkhope ya apongozi ake aamuna. Satchula dzina lawo. Sadya iwo akuona. Salankhula nawo pamaso. Akawaona akubwera m'njira amapatuka, n'kugwada kutchire, n'kudzifunda nsalu kumutu mpaka adutse. Ndinawerenga kawiri, n'kufunsa amayi kuti kodi ndikukakwatiwa kapena ndikukabisala. Amayi sanaseke. Anandigulira chitenje chatsopano chofiira, cha maluwa oyera, kuti ndicho ndizikafunda. Amalume anga anangonena mawu ochepa: "Akakukana usakachonderere. Basi yomweyo ikakubweze, mwana wathu ali kumsana." Choncho ndinanyamuka ndisakudziwa ngati ndikupita kubanja kapena ndikungokazungulira n'kubwerera ndi manyazi, mwana wopanda bambo ali kumbuyo.

Koma ana inu, ulendo! Mantha ndinali nawo, komabe ulendo umenewo unali wokoma kuposa ukwati. Ndinali ndisanapitirirepo Lilongwe chibadwire. Basi za masiku amenewo zinali ndi makwerero kumbuyo, katundu yense padenga: njinga, mabedi, madengu a nkhuku, mitolo ya nzimbe, nthawi zina mbuzi yomangidwa miyendo ikulira dziko lonse. Kondakitala ankakwera padengapo basi ikuyenda, malaya akuuluka, ife m'katimo tikugwira mitima. Mipando inali yolimba, mawindo ena osatseka. Basiyo inkaima paliponse pamene munthu waimika dzanja, ngakhale pachulu. Ndipo munthu akakwera ankapereka moni kwa basi yonse, basi yonse n'kuyankha. Lero mumakhala ndi munthu mpando umodzi kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Mzuzu osadziwa ngakhale mawu ake kuti ndi aakulu kapena aang'ono.

Dengu langa amayi analongedza ngati ndikupita kunkhondo: kachewere wophika, chigumu, mtedza wokazinga, chigubu cha thobwa, ndi kamtolo ka mbewa zouma zokutira m'tsamba. Taonani nkhope zanuzo! Magazi a kumpoto akuvutitsani. Mbewa ndi ndiwo, ana inu, ndipo mukumbukire kamtoloko, kabweranso m'nkhaniyi.

Tinadutsa Mponela, Madisi, mlatho wa Bua madzi ali thithithi. Titapitirira Kasungu phula linatha, msewu n'kuyamba kugwedeza. Mano ankagundana okha, mwana kumsana akuseka poganiza kuti ndikumuvinitsa. Pouma panali fumbi lofiira loti pofika pa Jenda tonse tinali mtundu umodzi, pa madambo panali matope. Nthawi imeneyo basi zinkayamba zalowa ku Mzimba, ndipo kumeneko n'kumene tinagona. Tsiku lachiwiri tinakwera mapiri a mitengo ya paini, nkhungu ili mbuu, kuzizira ngati kwathu, mpaka ndinayamba kuganiza kuti dalaivala watembenuka tikubwerera ku Dedza. Chilankhulo m'basimo chinkasintha pang'onopang'ono. Otsika ankati zikomo, okwera ankati yewo. Pofika ku Mzuzu ndinali ndatsala ndekha woyankhula ngati munthu wa kwathu, ndipo mtima unayamba kuchepa.

M'mawa wa Lachitatu ndinakwera basi ya ku Karonga. Ndinafunsa kondakitala katatu konse kuti asaiwale kunditsitsa pa Mwenilondo, mpaka anandiyankha kuti, "Mama, ndamva, kapena ndilembe pachipumi?" Nditangokhala pansi, panabwera mkulu wina wa imvi, wovala jekete lakale la khaki, chipewa, ndi nkhwaira, nsapato zija zosoka ndi matayala. M'manja anali ndi ndodo ndi chipanda chaching'ono. Malo analipo ambiri, koma anaima pa ine.

"Mama, pali munthu apa?"

"Palibe, agogo, khalani."

Anakhala, n'kuyang'ana mwana nthawi yaitali. Kenako anati, "Makutu aakulu chomene mwana uyu."

Ine pakamwa panga mukupadziwa. Ndinati, "Si anga amenewo, agogo, ndi a kuchimuna. Akuti mtundu wawo wonse ndi wotero, mvula ikagwa safuna ambulera."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, n'kukokera chipewa chake pansi. Ine ndinaganiza kuti ndi chisanu cha ku Mzuzu.

Chichewa chake chinali cha kumigodi, chosakaniza, koma tinkamvana bwino. Ndipo msewu ankaudziwa ngati munda wake. Titadutsa Ekwendeni anayamba kundionetsa: apa panali msasa wa anthu oyenda pansi, apo pali chitsime chimene sichiphwa. Anati ali mnyamata anayenda njira imeneyi wapansi kupita ku Halale, milungu ndi milungu, bulangeti lili paphewa, msewu ukadali kanjira ka mapazi. Atabwerako anagwira ntchito yokumba msewu ndi makasu, kunyamula dothi m'madengu, kudula zitsa. Anati kale munthu wofuna kufika ku Karonga ankadikira sitima ya panyanja, kapena kutsika ndi msewu wakale wa ku Khondowe, wokhota kwambiri moti galimoto inkachita kubwerera m'mbuyo kuti ithe kukhota. "Inu mwabwera nthawi yabwino, mama," anatero. "Msewu uwu thukuta langa lilimo. Mukamagwedezeka musatukwane chomene, mwina ndi pamene ndinakumba ine."

Njala itandigwira ndinatsegula dengu. Ndinamupatsa kachewere, analandira ndi manja awiri n'kunena kuti ndagha, zikomo wa Chinkhonde. Iye anandipatsa chipanda chija, munali chambiko, mkaka wowawasa umene lero ndimaukonda kuposa tiyi. Tsiku limenelo ndinalawa n'kukwinya nkhope, n'kunena kuti, "Agogo, mkaka wanu wawonongeka." Basi yonse inaseka. Pobwezera ndinatulutsa kamtolo kanga n'kumupatsa mbewa imodzi yonona.

"Yayi, yayi, mama!" Anadzikankhira kumbuyo mpaka chipewa chinatsala pang'ono kugwa. "Mukudya zimenezi na mchira wake?"

"Mchira ndiye wokoma," ndinatero, n'kuitafuna pamaso pake, kukukuta bwinobwino kuti amve.

Kenako anandifunsa kumene ndinkapita. Apa m'pamene ndinamasula zonse. Akulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, koma ine ndinali nditasunga mawu masiku awiri, ndipo munthu wa m'basi umamuuza zimene sungauze mbale wako, poti mawa simuonananso. Ndinamuuza za kalata, za malamulo, za amalume. Ndinatulutsa chitenje chofiira, n'kudzifunda kumutu kumuonetsa mmene ndizikachitira, n'kumufunsa ngati ndakhoza.

"Mwakhoza," anatero. "Nanga mukuwaopa apongozi anuwo?"

"Ndikuopa, agogo. Ndi nkhalamba yovuta. Munthu wokana mdzukulu wake asanamuone, mtima wake ndi wotani? Ndiye akuti ndisamuone nkhope. Mwina n'zabwino, kapena nkhope yake ndi yoopsa ana."

"Mwina nadi," anatero mkuluyo, akuyang'ana pawindo.

Tiwonge, tseka pakamwa, ntchentche zingalowe. Ndikudziwa kuti wazindikira kale. Iwe wazindikira chifukwa wakhala pamthunzi, mimba ili yokhuta. Ine ndinali mtsikana wotopa, ndipo sindinaganizeko ngakhale pang'ono.

Dzuwa lili pamutu tinafika pamwamba pa Chiweta. Basi inakhota, ndipo mwadzidzidzi kutsogolo kunalibe dziko. Kunali kubiriwira kokhakokha kuchokera pansi mpaka kumwamba. Ndinakuwa kuti, "Mayo, thambo lagwa!" Mkulu uja anati, "Ndi nyanja, mama." Ndinali ndisanaionepo. Ndinamasula bambo anu kumsana n'kuwaimika pawindo kuti nawonso aone, ngakhale iwo ankangofuna kudya chala. Chimwemwe chimene ndinamva pamenepo sindinachiiwale, ndipo ndicho chifukwa chake zimandipweteka mukamati munagona.

Potsika phirilo, mvula ya dzulo lake inali itagumula dothi, msewu ukuterera. Dalaivala anaimitsa basi, kondakitala n'kuika mwala kutayala, n'kutiuza kuti tonse titsike, tiyende wapansi mpaka pamene matope athera, basi itsike yopepuka. Palibe anadandaula. Amayi ena anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ife n'kumayankha, tikutsetsereka m'matope ngati tikupita ku ukwati. Mkulu uja anati ndimupatse mwana kuti ine ndisamale dengu. Ndinamupatsa. Anamunyamula pachifuwa, akumuyankhula Chinkhonde chapansipansi, mwananso ali duu, akumugwira ndevu.

Tili pakati pa chitsikirocho, lamba wa nkhwaira yake ya kumanja anaduka. Anayesa kuyenda chokoka phazi, koma miyala ya pamenepo ndi yakuthwa, ndipo chala chinayamba kutuluka magazi. Chingwe panalibe, katundu wina yense anali padenga la basi. Ndinayang'ana chitenje changa chofiira, chatsopano, chimene amayi anati ndisachidetse ndisanafike. Ndinachiluma m'mphepete n'kung'amba kansalu kautali.

"Mama, mukuononga nsalu ya apongozi!"

"Apongoziwo sadzaiona, si paja sationa? Khalani pamwalapo, agogo, bweretsani phazi."

Ndinagwada m'matope, ndinatsuka chala chija ndi madzi amene ndinathira m'chigubu thobwa litatha, n'kumanga nkhwaira ija kuphazi mfundo ziwiri. Ndikumanga choncho, iye anafunsa mwakachetechete, "Nanga mwana uyu ndi wa njani? Wa malume wake, kapena wa nkhalamba yovuta ija?"

Sindinaganize n'komwe. Ndinati, "Agogo, ine ndayenda masiku atatu kumubweretsa kwa bambo wake. Ndikanafuna kumubisa ndikanakhala ku Dedza. Akamulandira akulira kuno. Koma azipitanso kukaona amayi anga, pakuti msewu uwu sanaukumbe kuti uzingopita, umabweranso. Mwaukumba nokha, mukudziwa."

Anaimirira, anaponda kawiri kuyesa mfundo, n'kunena kuti ndagha.

Kumunsi kunali kutentha kwina, kwa chinyezi. Tinadutsa Chitimba, Chilumba, kenako anandilozera njira ya ku Wovwe kumene amuna anga ankagwira ntchito. Mpunga unali utayamba kucha, fungo lake likulowa pawindo. Ndinaona ng'ombe zambiri, nthochi zozungulira nyumba, amayi oyenda ndi mitolo ya chinangwa. Tulo tinandigwira, ndipo ndikuuzani zoona, ndinadzuka mutu wanga uli paphewa la jekete la khaki. Pa Mlare mkulu uja anaimitsa basi. Anati ali ndi ng'ombe yoti akaione kumeneko. Anagwira tsaya la mwana n'kunena kuti, "Muyende makora, mama wa ku Dedza. Nkhalamba ija musaiope chomene." Ndinamupatsa kachewere wotsala, n'kumutsanzika pawindo mpaka fumbi linamubisa. Ndinazindikira mochedwa kuti sindinamufunse dzina.

Basi inanditsitsa pomwe pano. Mango uyu anali wamng'ono, koma analipo. Agogo anu anali akudikira chiyambire dzulo lake, ndipo atationa anathamanga ngati mwana wa sukulu. Kunyumba apongozi aakazi anandilandira bwino ndithu, anandiphikira mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, koma nkhope zonse zinali zodikira. Mwini mudzi kunalibe. Anachoka Loweruka, akuti kukaona ng'ombe, osanena kuti kuti. Palibe akanatha kundiuza kuti masula katundu. Dengu langa linagona pakhomo lomangamanga.

M'mawa mwake ndikusesa kuseri kwa khitchini, mlamu wanga wamkazi anabwera akuthamanga. "Abwera! Gwada, funda!" Ndinaponya tsache, ndinalowa m'nthochi, ndinagwada, chitenje chofiira chili kumutu. Pansi pa nsaluyo ndinkangoona dothi pang'ono ndi kanjira. Ndinamva ndodo ikugogoda, go, go, go. Kenako mapazi anadutsa pafupi nane, pang'onopang'ono, ngati akufuna ndiwaone bwino. Nkhwaira ziwiri za matayala. Ya kumanja inali yomangidwa ndi kansalu kofiira ka maluwa oyera, mfundo ziwiri.

Ana inu, ndinafuna kuti nthaka itseguke. Zonse zinabwera nthawi imodzi: makutu a ambulera, mkaka wowonongeka, mbewa ndi mchira wake, nkhope yoopsa ana, mutu wanga paphewa lawo. Malamulo onse a m'kalata ndinali nditawaswa tsiku limodzi, ndisanapondeko n'komwe pakhomo. Mlomo umene ndinausiya pamsewu ndinaupeza ukundidikira. Ndinalira pansi pa nsaluyo, ndikuwerenga m'mutu mapiri onse amene ndiyenera kuwakweranso pobwerera.

Anandilowetsa m'khitchini. Panja anthu anasonkhana, ndipo ndinamva mawu omwe aja a m'basi, tsopano akulankhula Chinkhonde. Mlamu wanga anakhala pakhomo akundimasulira monong'ona.

"Akuti anapita ku Mzuzu. Akuti akhala pa depoti masiku atatu, kuyang'ana basi iliyonse yochokera kumwera. Akuti mkamwana akangolowa pakhomo sangamuonenso nkhope kapena kumva mawu ake mpaka imfa, ndiye munthu angakane kapena kuvomera bwanji chinthu chimene sanachione? Akuti pakhomo pali mwambo, koma pamsewu palibe mpongozi, pali apaulendo okhaokha."

Kenaka mawu aja anasintha, n'kuyamba Chichewa, mokweza, kulozera kukhoma la khitchini.

"Ine mkamwana wanga sindinamuone, ndipo sindidzamuona. Koma m'basi ndinakumana na mama wina wa ku Dedza. Pakamwa pake ndi pakuthwa chomene, ndipo amadya zinthu zoopsa. Mama ameneyo anang'amba nsalu yake yatsopano chifukwa cha phazi la munthu wosamudziwa. Ngati mkamwana wanga ali ngati ameneyo, muuzeni amasule katundu. Muuzeninso kuti nkhalamba yovuta ija yati mwana azipita ku Dedza kukaona agogo ake, msewu umabweranso. Koma mbewa pakhomo pano yayi!"

Nthungululu zinaphulika. Apongozi aakazi analowa akuvina, n'kundikumbatira, ine ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi. Agogo anu aamuna anaima pakhomo kukamwa kuli yasa, osamvetsa kuti za mbewa zabwera bwanji. Nditawafotokozera madzulo ake anagwira mutu n'kukhala pansi, ndipo anakhala akundiseka nazo mpaka tsiku limene anatisiya.

Mwambo ndinausunga, musaganize kuti unatha. Zaka makumi awiri ndi zinayi ndinapatuka m'njira, ndinafunda nsalu, ndinatumiza chakudya chawo kudzera mwa ena. Poyamba zinkandilemera, kenako ndinazolowera, mpaka ndinayamba kuona kuti muli ulemu wake. Masiku ano azimayi achitsikana amakhala pa sofa limodzi ndi apongozi awo akuonera mpira, ndipo sindikuwanena, nthawi ndi yawo. Koma mverani chimene chinkachitika. Chaka chilichonse tikatha kukolola mpunga, apongozi aakazi ankabwera kukhitchini kwanga n'kunena ngati akulankhula ndi mphika, "Akuti Lachinayi akwera basi ya m'mawa, akupita ku Chilumba." Ine pomwepo ndinkakumbukira kuti ndikufunika kukagula usipa ku Chilumba. Iwo ankakwerera siteji ya kumtunda, ine ya pano. Ndikalowa m'basi ndinkapeza chipewa chili pampando, chikundisungira malo.

"Mama wa ku Dedza! Mwaghona, mwadzuka bwanji? Takumananso!"

"Takumananso, agogo."

"Nanga nkhalamba ija ikukusungani makora?"

"Ikuyesetsa, agogo, koma kuvuta sikunathe."

Tinkaseka, tinkadya chambiko ndi mbatata, tinkakambirana za ana, za ng'ombe, za msewu. Tinaona limodzi phula likufalikira, milatho ya matabwa ikusanduka ya simenti, magalimoto aakulu akuyamba kutsika kuchokera kumalire. Ndikakhala ndi vuto m'banja ndinkalinena m'basimo ngati la mayi wina, ndipo pakatha masiku awiri agogo anu ankaitanidwa kukalangizidwa, osadziwa kuti nkhani yadutsa pati. Pobwerera iwo ankatsika siteji yawo, ine yanga, ndipo pofika pakhomo nsalu inali ili kumutu. Mudzi wonse unkadziwa. Palibe ananenapo kanthu, ngakhale amayi a miseche a kuchitsime.

Chaka chomaliza miyendo inawakana, sankathanso kukwera basi. Mpunga tinakolola, Lachinayi linadutsa, lina linadutsanso. Ine ndinkamva chifuwa chawo kuchokera kukhitchini, koma kulowa m'nyumba mwawo sindikanatha. Zinkandiwawa kwambiri, ana inu, kuphikira phala munthu amene umamukonda, n'kumangolandira mbale ikubwerera yosatha.

Tsiku lina m'mawa apongozi aakazi anabwera. Anati, "Akuti awanyamule apite nawo kumsewu, akufuna kuona magalimoto." Kenako anawonjezera, "Akuti mwina kungadutse munthu wa ku Dedza."

Agogo anu ndi ang'ono awo anawanyamula pampando n'kuwakhazika pansi pa mango uyu, pamene wakhala iwe Lusubilo, kenako anachoka. Ine ndinabwera nsalu ili kumutu, n'kugwada chapatali.

"Chotsani nsalu, mama," anatero. "Pano m'pamsewu."

Ndinachotsa. Anali ataonda, koma makutu anali omwe aja. Tinakhala nthawi yaitali tikuona magalimoto, iwo akundiuza kuti iyi ikupita ku Mzuzu, iyo ikafika mpaka ku Blantyre. Basi ina inadutsa, ndipo tonse awiri tinaiimikira dzanja mongopereka moni. Kenako anatembenuka.

"Mama wa ku Dedza, ndifunse komaliza. Nkhalamba yovuta ija, munaiona bwanji?"

Ndinati, "Agogo, nkhalamba imeneyo ndi bambo anga."

Anagwedeza mutu, akumwetulira. Anapisa m'thumba la jekete, n'kuika kanthu m'dzanja langa, n'kulitseka ndi dzanja lawo. Patatha masiku asanu anapita.

Tiwonge, tandipatsa kachikwama kali m'khosi mwangamu, zala zanga zauma. Masula. Inde, ndi kameneko. Kufiira kunatha, maluwa sakuonekanso bwino, koma taona, mfundo ziwiri zija sanazimasule. Anachita kudula lamba wa nkhwaira kuti zikhale momwe ndinamangira.

Gwirani nonse, mmodzimmodzi, koma ndi manja oyera. Ndipo pobwerera ku Lilongwe, mukafika pa Chiweta muuze bambo anu aimitse galimoto. Mutsike, muponde pansi. Akakufunsani chifukwa chake, muwauze kuti mukufuna kuona pamene agogo awo anawanyamula koyamba.